Akazi ogona pa mwala wa mabo: bata ndi kukongola kwa m'zithunzi zotengera Agiriki

M'chaka cha 1963 munthu wina wachuma wa ku Puerto Rico, Luis Ferré, anagula chithunzi chopenta pamanja pa mapaundi 2,000. Nthawi imeneyo akatswiri a zojambula analibe nacho ntchito chithunzicho. Andrew Lloyd Webber amafotokoza yekha kuti ali mnyamata, asanatchuke ndi nyimbo, anachiona chikugulitsidwa pa mapaundi 50 m'shopu ina ku London. Atapita kwa agogo ake aakazi kukapempha ngongole, agogowo anakanitsitsa, amvekere zinyalala za m'nthawi ya Mfumukazi Victoria sizilowa m'nyumba mwawo. Lero chithunzi chomwecho, Flaming June, chimene Frederic Leighton anachionetsa koyamba mu 1895, ndicho chuma chachikulu cha myuziyamu ya mumzinda wa Ponce ku Puerto Rico komweko, ndipo anthu ambiri anachionapo pafoni kapena pakalendala osadziwa dzina lake.

M'chithunzimo muli mtsikana mmodzi yekha, ali m'tulo. Wadzipinda pabenchi ya mwala wa mabo, mutu watsamira pamkono, miyendo waikokera kumimba. Wavala chovala chopyapyala cha mtundu wa lalanje lakupsa, ndipo chovalacho chayalika mpaka kudzaza pafupifupi chinsalu chonse, chomwe ndi cha masentimita 120 mbali zonse. Tsaya lafiira ndi kutentha. Kumbuyo kwake nyanja ikuchita waliwali ndi dzuwa. Pakona ya m'mwamba pali nthambi ya oleander, duwa lokongola koma lapoizoni, ndipo ambiri amati linaikidwapo kuti woona akumbukire kuti tulo ndi imfa zimafanana. Kupatula apo palibe chikuchitika. Mtsikanayu alibe dzina, alibe ntchito yomwe waisiya, palibenso amene akumudikira. Ukayang'anitsitsa upeza kuti ntchafu yake ndi yaitali kuposa ya munthu aliyense wamoyo, koma diso silidandaula, chifukwa utali umenewo ndi womwe ukupangitsa thupi lonse kuzungulira bwino m'kati mwa chinsalu.

Zithunzi zoterezi zilipo zambirimbiri, kuyambira cha m'ma 1760 mpaka nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mkazi wa nkhope yosalala, atavala ngati Mgiriki kapena Mroma wakale, wangokhala phee, maso ali kutali. Bata lakelo limaoneka ngati lachibadwa, pomwe ndi lochita kupanga, ndipo limapangidwa makamaka pochotsa zinthu. Wojambula amachotsa zipsera ndi makwinya, amachotsa ntchito, amachotsa nthawi, ndipo kawirikawiri amachotsanso diso la mkaziyo kuti lisakumane ndi lako. Kuti timvetse chifukwa chake anthu aluso chonchi ankalimbikira kuchotsa m'malo moonjezera, tiyenera kubwerera ku kankhani kena kakale kwambiri.

Cicero, mlembi wa ku Roma, analemba za wojambula wachigiriki dzina lake Zeuxis, yemwe anthu a mumzinda wa Croton anamupempha kuti ajambule Helen, mkazi amene nthano zimati kukongola kwake kunayambitsa nkhondo ya ku Troy. Zeuxis sanafune mkazi mmodzi woti amutengere. Anasankha atsikana asanu okongola kwambiri mumzindawo, n'kutenga kwa aliyense chiwalo chomwe chinali chabwino koposa, poti iye ankakhulupirira kuti chilengedwe sichipatsa munthu mmodzi zonse. Chithunzi chakecho chinatayika kalekale, koma nkhaniyo inakhala ngati lamulo m'masukulu a zojambula a ku Ulaya. Phunziro lake linali lakuti kukongola kwenikweni sikupezeka mwa munthu amene ali patsogolo pako. Wojambula amakusonkhanitsa m'mutu mwake ataona anthu ambiri. Joshua Reynolds, mtsogoleri woyamba wa Royal Academy, bungwe lalikulu la ojambula la ku London, lomwe linakhazikitsidwa mu 1768, ankaphunzitsa zomwezi: chilichonse chimene chimasiyanitsa munthu ndi anzake, kaya kachiphuphu, kaya kukhota pang'ono kwa mphuno, kwa iye chinali chilema choyenera kuwongoledwa.

Za kukongola n'zimenezo. Koma bata linachokera kwa munthu wina, Mjeremani Johann Joachim Winckelmann. Mu 1755 iye analemba kuti ukulu wa ziboliboli za Agiriki uli m'kusachulukitsa zinthu ndi m'kudekha kwaulemu. Anayerekezera ndi nyanja, yomwe pansi pake pamakhala zii ngakhale pamwamba mafunde akuwinduka. Chitsanzo chake chinali chiboliboli cha Laocoön, bambo amene njoka zikumukulunga pamodzi ndi ana ake awiri, koma kwa Winckelmann bamboyo sakukuwa, akupirira. Maganizo amenewa anafika panthawi yabwino. Anthu anali atayamba kufukula mzinda wa Herculaneum mu 1738 ndi wa Pompeii mu 1748, mizinda yomwe phiri la Vesuvius linakwirira m'chaka cha 79. Mwadzidzidzi Ulaya anaona mipando, nyale, magalasi, ndolo ndi zojambula za pamakoma za anthu akalewo. Aliyense wandalama anafuna kuti pabalaza pake, ngakhalenso mkazi wake, azioneka choncho.

Apa m'pamene chithunzi cha munthu weniweni chinayamba kusakanikirana ndi cha mulungu wamkazi. Reynolds ankalangiza kuti mayi wolemekezeka asajambulidwe atavala fashoni ya chaka chimenecho, chifukwa fashoni imatha ndipo imachotsa ulemu. Mu 1765 anajambula Lady Sarah Bunbury akupereka nsembe kwa milungu yaikazi itatu ya kukongola, atavala nsalu yolendewera ngati ya chiboliboli. Mu 1800 Jacques-Louis David anajambula Juliette Récamier, mkazi wa mwini banki ku Paris, atatsamira pampando wautali, wopanda nsapato, atavala diresi yoyera, m'chipinda chopanda kanthu kupatula nyale yaitali yotengera za ku Pompeii. Chithunzicho sichinamalizidwe n'komwe, koma mpando wa mtundu umenewo mpaka lero umatchedwa dzina la mayiyo. Choseketsa n'chakuti nsalu yopyapyala yomwe akazi olemera ankasokera madiresi "achigiriki" amenewa kawirikawiri inali yochokera ku Bengal, yolukidwa ndi amwenye.

Amene anaonetsa poyera kuti zonsezi ndi sewero anali Emma Hamilton. Anabadwa mu 1765, mwana wa wosula zitsulo, dzina lake lenileni Amy Lyon. George Romney anamujambula kambirimbiri, lero ngati Circe, wamatsenga wa m'nthano za Agiriki, mawa ngati wansembe wamkazi wa Bacchus, mulungu wa vinyo. Atafika ku Naples, m'nyumba ya William Hamilton, kazembe wa Britain yemwe ankasonkhanitsa mitsuko yakale ya Agiriki, Emma anayamba kusangalatsa alendo ndi mashawelo angapo basi. Ankamasula tsitsi, kudzikulunga, kuima njo ngati chiboliboli, kenako n'kusintha, kuchoka pa mkazi wolira kupita pa wokondwa. Goethe, mlembi wotchuka wa ku Germany, anaonera seweroli mu 1787 ndipo analemba kuti anagoma nalo. Emma anafera ku Calais mu 1815 ali paumphawi, atathawa ngongole. Zithunzi zake zili m'mamyuziyamu aakulu, nkhope ili yomweyo ya mtsikana wosadziwa vuto.

Woyenera kumuchedwera ndi Jean-Auguste-Dominique Ingres, wophunzira wa David, chifukwa mwa iye m'momwe timaona bwino mtengo wa kukongola kotereku. Mu 1844 anapemphedwa kujambula Inès Moitessier, mkazi wa munthu wina wachuma. Poyamba anakana, poti ankaona kujambula nkhope za anthu ngati ntchito yotsika. Atakumana ndi mayiyo anasintha maganizo. Chithunzicho chinamutengera zaka 12, n'kuchimaliza mu 1856 ali ndi zaka 76. Kamwana ka mayiyo, komwe poyamba kanayenera kukhalamo, kanachotsedwa ntchito ili m'kati. Chimene chinatsala, chomwe lero chili ku National Gallery ku London, ndi mayi atakhala pasofa, atavala diresi ya silika yamaluwamaluwa, dzanja lamanja litagusa kumbali kwa mutu. Kakhalidwe kameneka Ingres anakatenga pa mulungu wamkazi wa m'chojambula china cha pakhoma chofukulidwa ku Herculaneum. Yang'anani zalazo: n'zofewa ngati mulibe mafupa. Mapewa atsetsereka mosalala, mfundo za mafupa sizikuoneka. Kumbuyo kuli galasi lomwe likuonetsa nkhope ya mayiyo chammbali, pomwe galasi lenileni litaikidwa pamenepo silingaonetse choncho. Ingres ankafuna mzere wowongoka wochoka pamphumi kutsikira kumphuno, umene unkatengedwa ngati chizindikiro cha nkhope yachigiriki, ndiye anangokakamiza galasilo kuti liuonetse. Diresi, zibangili ndi mtsuko wa dongo wapatebulo anazijambula molondola mpaka ungafune kuzigwira. Munthuyo ndiye amene anawongoledwa.

Ingres yemweyu anali atadzudzulidwa kale mu 1819 chifukwa cha Grande Odalisque, mkazi wogona chopereka msana. Otsutsa anati msanawo uli ndi mafupa owonjezera, ndipo mu 2004 madokotala ena atayeza anapeza kuti utali wake ungafune mafupa asanu owonjezera a m'chiuno. Sikuti Ingres sankadziwa thupi la munthu. Ankalidziwa bwino kwambiri, koma mzere wokhota bwino unali wofunika kwa iye kuposa fupa.

Pofika m'ma 1860 ku Britain kunabuka mtundu wina. Tsopano sanalinso mayi wodziwika wovekedwa zachigiriki, koma mtsikana wolipidwa, wopanda dzina, wojambulidwa ngati Mgiriki kapena Mroma wamba yemwe sakuchita kalikonse. Chimene chinakokera ojambula kumeneku ndi miyala yosema ya ku kachisi wakale wa Parthenon, imene Lord Elgin anaichotsa ku Athens kuyambira 1801 ndipo boma la Britain linaigula mu 1816 pa mapaundi 35,000. Dziko la Greece likuifunabe mpaka pano. Pakati pa miyalayo pali akazi atatu opanda mitu, wina atatsamira pamiyendo ya mnzake, nsalu itawamatirira ngati yanyowa. Ophunzira ankapita ku British Museum kukawajambula tsiku ndi tsiku, ndipo amene wawaonapo akaziwa amawazindikira msanga m'zithunzi za Leighton ndi Albert Moore.

Kodi bata limapangidwa bwanji ndi penti? Choyamba ndi maso. M'zithunzi zambiri mkazi wagona, kapena wayang'ana pansi, kapena akuyang'ana kunyanja kunja kwa chinsalu. Munthu amene akukuyang'ana amakufunsa kanthu, ndipo umakakamizika kuyankha. Wotseka maso amakusiya uyang'ane mmene ungafunire. Pakamwa pamakhala potseka, nsidze sizikwinyika. Ndiye woona amathiramo zake: wina amaona chikondi, wina kusungulumwa, wina kutopa, ndipo onse amakhoza chifukwa wojambula sanatsekere aliyense njira.

Nsalu imagwira ntchito yomwe nkhope yaletsedwa. Leighton ankayamba kujambula thupi losavala pa pepala, kenako n'kujambula nsalu payokha, mapindidwe ake onse, n'kuziphatikiza pambuyo pake. Nthawi zina ankaumba tiziboliboli tating'ono n'kutiveka nsalu kuti aone mmene igwere. Motero mkazi amakhala ali chigonere, koma nsalu ili pa liwiro, ikuzungulira, ikutsika, ikubwerera. Diso limatsatira nsaluyo, ndipo silitopa ngakhale palibe nkhani. Kagonedwe ka mtsikana wa mu Flaming June kamakumbutsa chiboliboli cha Usiku chimene Michelangelo anasema ku Florence, koma Leighton mwini ananena kuti anakaona mwangozi pa modelo, mtsikana wolipidwa kuti azimutengera, yemwe anali atatopa n'kudzipinda kuti apume. Pamenepa pali choonadi chimene zithunzizi sizinena: tulo ta mulungu wamkazi tinachokera ku kutopa kwa munthu wantchito.

Chinanso ndi kusalala kwa penti yeniyeniyo. Ojambula a m'masukulu akuluakulu ankaphunzitsidwa kubisa njira ya burashi. Ankapaka timiyalo topyapyala, kudikira kuti tiume, kupakanso, mpaka khungu lichite see, lopanda thukuta, lopanda ubweya, lopanda mitsempha yotupa. Kuwala kumakhala kofewa, mithunzi yosada kwambiri. Nyengo nthawi zonse ndi masana otentha opanda mphepo. M'dziko la zithunzi zimenezi mvula simagwa.

Albert Moore, wobadwira ku York mu 1841, ndiye anafika patali kwambiri ndi maganizo amenewa, ndipo kwa ine ndiye woona mtima pa onsewo. Sankanamizira kuti akufotokoza mbiri. M'chithunzi chake cha 1868, A Quartet, anthu ovala zachigiriki akuimba mavayolini, zida zomwe Agiriki analibe. Mu Midsummer, cha 1887, mkazi wogona akukupiziridwa ndi zokupizira zotengera ku Japan. Mu Dreamers, chomwe chili ku Birmingham, akazi atatu akhala pabenchi imodzi, nkhope imodzimodzi, chovala chimodzimodzi, ngati munthu mmodzi akulowa m'tulo pang'onopang'ono. Zithunzi zina ankazitcha mayina a tinthu tating'ono ta m'mbali, monga mikanda kapena maluwa, kuti woona asafunefune nkhani. Ankayamba wakoka mizere yoyezera pachinsalu n'kuika thupi m'mizereyo. Kwa Moore mkazi ndi mpata woikira mtundu wachikasu pafupi ndi woyera. N'zozizira mtima, inde, koma sakubisa. Royal Academy sinamusankhe kukhala membala mpaka anamwalira mu 1893.

Lawrence Alma-Tadema anadzera njira ina. Anabadwira ku Friesland, m'dziko la Netherlands, mu 1836, anaona Pompeii mu 1863 paulendo wa ukwati wake woyamba, n'kudzakhazikika ku London mu 1870. Iye ankafuna kuti chinthu chilichonse chikhale cholondola: mpando, nyale, zilembo za pakhoma. Anasonkhanitsa zithunzi za kamera za mabwinja akale zoposa 5,000, zimene lero zimasungidwa ku yunivesite ya Birmingham. Pojambula The Roses of Heliogabalus mu 1888 ankaitanitsa maluwa kuchokera kumwera kwa France m'nyengo yozizira kuti azitengera enieni. Mwala wa mabo ankaudziwa kuposa wina aliyense, mitsempha yake, kuzizira kwake, kufiirira kwa m'mphepete momwe manja agwirapo. Koma akazi okhala pamwalawo, ukawavula zovala zakalezo m'maganizo, ndi atsikana a ku London akudikira chibwenzi. Mwina ndicho chinkakopa ogula: ankadziona okha, ali mu ufumu wina waukulu wakale.

Womutsatira kwambiri anali John William Godward, wobadwa mu 1861, yemwe kwa zaka zoposa 30 anajambula pafupifupi chithunzi chimodzi mobwerezabwereza: mtsikana wa tsitsi lakuda, nsalu yoonekera m'kati, chikopa cha kambuku kapena nyalugwe, chokupizira cha nthenga za pikoko, nyanja yabuluu kumbuyo. Dzina lomwe anapatsa zithunzi zake zingapo, Dolce far Niente, ndi mawu achitaliyana onena za kukoma kwa kungokhala. Luso lake pamwala ndi paubweya wa chikopa ndi lodabwitsa. Vuto n'lakuti ukaona zithunzi zake khumi motsatizana, umakumbukira miyala, atsikanawo umawaiwala.

Nanga ankagula ndani? Makamaka eni mafakitale, zombo ndi makampani a zomangamanga, anthu omwe chuma chawo chinkachokera mu utsi ndi phokoso. William Lever, wopanga sopo, anadzaza nyumba yake ya zithunzi ku Port Sunlight ndi ntchito za ojambula amenewa. John Aird, yemwe kampani yake inamanga damu loyamba la Aswan pamtsinje wa Nile, lotsegulidwa mu 1902, ndiye analamula The Roses of Heliogabalus, n'kudzalipiranso Alma-Tadema mapaundi 5,250 kuti amujambulire The Finding of Moses. Munthu wotero akabwera madzulo sankafuna chithunzi chomukumbutsa za antchito ake. Ankafuna dzuwa, mabo ndi mkazi wopanda madandaulo. Panalinso china. Mkazi wosavala akapatsidwa dzina la m'nthano zakale, monga Venus kapena Psyche, ankaloledwa kupachikidwa pabalaza la banja lopemphera. Ku Paris mu 1863 Napoleon III anagula Venus wa Alexandre Cabanel, wogona pamafunde, yemwe mlembi Émile Zola anamuseka kuti ndi wopangidwa ndi zotsekemera zoyera ndi zapinki. Patangopita zaka ziwiri Édouard Manet anaonetsa Olympia, nayenso mkazi wosavala wogona pabedi, ndipo anthu anakwiya mpaka panaikidwa alonda. Kusiyana kwake kunali kwakuti Olympia anali mkazi wa ku Paris wa tsiku lomwelo, wodziwika nkhope, ndipo ankakuyang'ana m'maso gwa.

Akazi ojambulidwawo ambiri anali ochokera m'mabanja osauka, olipidwa pa ola, oima osasuntha m'chipinda chozizira. Amene timamudziwa bwino ndi Ada Alice Pullen, yemwe anayamba kugwira ntchito kwa Leighton cha m'ma 1879 akusamalira abale ake. Leighton anamuthandiza kulowa m'zisudzo ndi dzina latsopano la Dorothy Dene, ndipo nkhope yake ili m'zithunzi zake zambiri zomaliza. Panalinso Fanny Eaton, wobadwira ku Jamaica mu 1835, yemwe Albert Moore anamujambula mu 1861 ngati amayi ake a Sisera a m'buku la Oweruza, akusuzumira kudikira mwana yemwe sadzabweranso. Nkhope imeneyo ili ndi nkhawa yeniyeni, ndipo n'chimodzi mwa zithunzi zamphamvu za Moore. Koma taonani malo omwe mkazi wakhungu lakuda ankapatsidwa: mayi wa m'Baibulo, wantchito, kapolo wogwira chokupizira. Pampando wa mulungu wamkazi sankakhalapo. Akazi ojambula nawonso ankatsekeredwa kunja. Angelica Kauffman ndi Mary Moser anali m'gulu loyambitsa Royal Academy, koma m'chithunzi cha Johan Zoffany cha mamembala onse ali m'kalasi yojambula munthu wosavala, awiriwa akuoneka ngati zithunzi zopachikidwa pakhoma, poti sankaloledwa kulowamo.

Nkhani ya khungu ili ndi gwero lake, ndipo gwerolo ndi kulakwitsa. Winckelmann analemba kuti thupi lokongola limakongola kwambiri likakhala loyera kwambiri. Iye sanapondeko ku Greece, ndipo ziboliboli zambiri zimene ankazitamanda zinali makope a mabo omwe Aroma anasema potengera za mkuwa za Agiriki. Komanso ziboliboli zakalezo sizinali zoyera mbee. Zinkapakidwa penti: tsitsi, milomo, maso, zovala zamawangamawanga. Pentiyo inasuluka ndi zaka, ina inachita kukwechedwa ndi oyeretsa. M'ma 1937 ndi 1938 antchito a ku British Museum anapala miyala ina ya ku Parthenon ndi zitsulo zamkuwa kuti iwale. Sikuti nkhani ya penti inali yobisika m'nthawi ya Victoria. Alma-Tadema yemweyo anajambula mu 1868 chithunzi cha Phidias, wosema wakale wachigiriki, akuonetsa anzake zosema za ku Parthenon zili zopakidwa mitundu. Anthu ankadziwa, koma sankafuna. John Gibson ataonetsa Venus wake wopakidwa pang'ono mu 1862, ena anati walaula. Chionetsero cha Vinzenz Brinkmann chomwe chinayambira ku Munich mu 2003, cha makope opakidwa monga mmene zinalili, chimadabwitsabe anthu mpaka lero.

Nkhope zenizeni za akazi a mu ufumu wa Roma tili nazo. Ku Egypt, m'dera la Fayum, anthu a m'zaka mazana atatu oyambirira Yesu atabadwa ankajambula nkhope ya womwalira pathabwa ndi penti yosakaniza ndi phula, n'kuimangirira pamtembo. Flinders Petrie anafukula zambiri ku Hawara mu 1888 n'kuzionetsa ku London chaka chomwecho. Akazi amenewo ali ndi tsitsi lakuda lopotana, khungu loderapo, nsidze zina zolumikizana, wina nkhope yoonda ndi matenda, wina chibwano chonenepa. Maso ndi aakulu ndipo akuyang'ana iwe. Mitsuko ya Agiriki nayo imaonetsa akazi akupota ubweya, akuluka, akusenza madzi pamutu kuchokera kukasupe. Yerekezani ndi La Source ya Ingres, yomalizidwa mu 1856: mtsikana wanyamula mtsuko paphewa, wauzondotsa, madzi akungotayika, iye alibe nazo ntchito. Aliyense amene anakatungapo madzi kuchitsime angakuuzeni kuti ameneyo sanatumidwe ndi amayi ake. Mkazi wakale amene anali ndi nthawi yongokhala pabenchi analipodi, koma anali nayo chifukwa kapolo ankamugwirira ntchito.

Zonsezi sizichotsa luso. Kupangitsa chinsalu cha mkazi wogona kuti munthu aime patsogolo pake mphindi khumi ndi ntchito yovuta, ndipo Leighton, Moore ndi Ingres ankaitha. Palinso chisoni china chimene chimadutsa m'zithunzi zabwino za mtunduwu, chomwe sichichokera pankhope koma pa kudziwa kuti dziko lojambulidwalo kulibe, ndipo wojambula naye akudziwa. Pamene zimalephera m'pomwe chisonicho chasowa, n'kutsala kutsekemera kokha.

Kugwa kwa zithunzi za mtunduwu kunali kwachangu, poti kunabwera kajambulidwe katsopano. Picasso anajambula Les Demoiselles d'Avignon mu 1907. Mu 1910 Roger Fry anabweretsa ku London zithunzi za Cézanne, Gauguin ndi Van Gogh, ndipo achinyamata anatembenuka. Alma-Tadema anamwalira mu 1912, n'kuikidwa mwaulemu ku St Paul's Cathedral, koma mbiri yake inatsika msanga. Chaka chomwecho Godward anapita ku Roma ndi mmodzi wa mamodelo ake. Abale ake, anthu a ntchito za inshulansi omwe sanakondwere ndi ntchito yake kuyambira pachiyambi, anamusala mpaka kudula nkhope yake pazithunzi za banja. Anabwerera ku London mu 1921 akudwala, zojambula zake zitatha fashoni, ndipo mu December 1922 anadzipha. Abalewo anatentha mapepala ake. Mu 1960 The Finding of Moses, chithunzi cha Alma-Tadema chija, sichinafike ngakhale mapaundi 300 pamsika. Mu 2010 chinagulidwa ku New York pa madola 35.9 miliyoni.

Kubwerera kwa mitengo sikunathetse mkangano. Mu January 2018 Manchester Art Gallery inatsitsa Hylas and the Nymphs, chithunzi cha John William Waterhouse cha 1896, momwe atsikana asanu ndi awiri a nkhope zofanana akukokera mnyamata m'dziwe. Chinali m'chipinda chomwe dzina lake linkanena za kufunafuna kukongola. Kuchitsitsako kunali mbali ya ntchito ya wojambula Sonia Boyce, yemwe pamodzi ndi ogwira ntchito pamalowo ankafuna kuti anthu akambirane za amene amasankha zopachikidwa ndi mawu olembedwa pambali pake. Ngakhale mapositikhadi a chithunzicho anachotsedwa m'shopu. Pamalo pomwe chinali, alendo anamatapo timapepala ta maganizo awo, ambiri akudandaula kuti akuletsedwa kuona, ena akuyamikira kuti funsolo lafunsidwa. Patatha sabata imodzi chithunzicho chinabwezeretsedwa pakhoma.